Madola 30 kuti munthu akuyendetseni m'misewu ya Hanoi mukudya: ndalamayo inagwira ntchito?

Mbale ya phở, msuzi wa ng'ombe wokhala ndi noodles za mpunga, pamsewu ku Hanoi, likulu la dziko la Vietnam, imagulidwa pafupifupi madong 50,000 (ndalama ya kumeneko), omwe ndi ngati madola awiri. Ine ndinalipira madola 30 kuti mtsikana wina andiyendetse wapansi m'dera lakale la mzindawu kwa maola atatu, tikulawa zakudya zam'misewu. Aliyense wodziwa masamu awona kale kuti ndalama imeneyo ikanandigulira mbale zoposa khumi ndikanangodziyendera ndekha. Mnzanga amene ndinali naye pa msonkhano wa kuntchito anakana kubwera pa chifukwa chomwechi, akuti iye sangalipire munthu woti amuwonetse pamene pali chakudya pomwe mphuno ali nayo.

Ndikuti ndalamayo inagwira ntchito, koma kamodzi kokha, ndipo pakhale pa madzulo anu oyamba mumzindamo. Madandaulo ndili nawo ndithu, ndiwanena.

Makampani oyendetsa alendo motere ndi ambiri zedi ku Hanoi ndipo mayina awo amangofanana. Ndinasankha ina pa intaneti chifukwa inalemba kuti gulu lake limakhala laling'ono, ndipo pamenepo sananame. Tinakumana cha m'ma 5 koloko madzulo pafupi ndi nyanja yaing'ono ya Hoàn Kiếm, imene ili pakati penipeni pa mzinda. Wotitsogolera anali mtsikana wa ku yunivesite, wa Chingelezi chomveka bwino, wovala jekete ndi kachikwama kam'chiuno momwe munali ndalama zolipirira zakudya zathu. Tisananyamuke anafunsa aliyense ngati pali chimene sadya kapena chimene chimamudwalitsa, makamaka mtedza, ndipo analemba mayankho m'foni mwake.

Phunziro loyamba silinali la chakudya, linali la kuwoloka msewu. Njinga zamoto ku Hanoi zimayenda ngati sizidzatha, ndipo mukati mudikire kuti msewu upite mphepo mugona pomwepo. Iye anati tiziyenda pang'onopang'ono, osathamanga, osaima, osabwerera m'mbuyo, chifukwa wanjingayo amakhala wawerengera kale kumene mukulowera ndipo amakulambalalani. Wobwerera m'mbuyo ndi amene amagundidwa. Zimagwiradi ntchito, ngakhale mtima umakhala uli m'malere. M'mbali mwa msewu momwe timayembekezera kuti oyenda pansi azidutsa mwadzaza njinga zoimikidwa, timipando ndi mbaula, ndiye mumayenda mumsewu momwemo.

Dera limeneli amalitcha Old Quarter, ena amati dera la misewu 36. Mzinda wa Hanoi unakhala likulu m'chaka cha 1010 pansi pa mfumu Lý Thái Tổ, ndipo amisiri ndi amalonda anakhazikika m'derali aliyense ndi anzake a ntchito yofanana. N'chifukwa chake misewu yambiri imayamba ndi Hàng kenako dzina la katundu amene ankagulitsidwamo: Hàng Bạc wa siliva, Hàng Đường wa shuga, Hàng Mã wa zinthu zamapepala zimene amawotchera makolo awo amene anamwalira. Ina ikugulitsabe zomwezo, ina inasintha kalekale. Nyumba zake ndi zopapatiza kumaso koma zazitali kulowa mkati, ndipo pakati pa nyumba ziwiri mumapeza kampata kamdima kokwana munthu mmodzi. Timipata timeneti ndi timene tinandikhutiritsa kuti wotitsogolera anali wofunika. Ine pandekha sindikanalowamo, ndikanayesa kuti ndikulowa m'nyumba ya eni. Koma kumapeto kwake kumakhala mayi ali ndi mphika umodzi ndi anthu odzaza akudya.

Mphika umodzi ndiye nkhani yake yonse. Malo odyera enieni a kuno saphika zinthu zambirimbiri. Wa phở amaphika phở basi, wa bún chả amawotcha nyama yake basi, ndipo ambiri akhala akuchita chimodzimodzicho kwa zaka, banja kusiyirana. Chikwangwani chimangolemba dzina la chakudyacho ndi nambala ya nyumba. Palibe menyu ya zithunzi, palibe wokufotokozerani. Mukapeza malo amene ali ndi menyu yaitali ya Chingelezi, pitsa ndi phở pa tsamba limodzi, dziwani kuti akonzera alendo ndipo mtengo wake ukhalanso wa alendo.

Tinayambira pa bánh cuốn, ndipo mpaka pano ndi chimene ndimachiganizira kwambiri. Mayi wachikulire anakhala pansi pafupi ndi mphika wa madzi owira umene pakamwa pake anakungapo nsalu yoyera. Amatunga phala lamadzimadzi la ufa wa mpunga, n'kulimwaza pansalupo mozungulira ndi kumbuyo kwa chipande, n'kuvundikira. Pasanathe mphindi amavundukula, nthunzi n'kumuphimba nkhope, kenako amalowetsa kamtengo kansungwi kosalala pansi pa chophikacho n'kuchinyamula chathunthu, chopyapyala moti mumawona dzanja lake kuseri kwake. Mwana wake amachiyala pa thireyi yopaka mafuta, n'kuikapo nyama ya nkhumba yogaya yosakaniza ndi bowa wakuda, n'kukulunga, n'kudula ndi sizasi, n'kuwazapo anyezi wokazinga wokhuthuka. Mayiyo sanatiyang'ane n'komwe, amacheza ndi mnzake wa nyumba yoyandikana uku manja akugwira okha. Ndinawerengera kuti ngati chimodzi chikanang'ambika ndiwone, koma nthawi yonse imene tinakhalapo sichinang'ambike.

Chakudyachi pachokha ndi chozizira mkamwa, chimadzuka mukachiviika mu kambale ka msuzi wake. Msuziwo maziko ake ndi nước mắm, madzi amene amatuluka akasanjikiza tinsomba tam'nyanja ya mchere ndi mchere wambiri m'migolo kwa miyezi yambiri. Tinsombato kukula kwake ndi ngati usipa wathu. Odziwika kwambiri amachokera ku chilumba cha Phú Quốc ndi ku Phan Thiết, kumwera. Mukanunkhiza m'botolo mukhoza kuthawa, koma akasungunula ndi madzi, shuga, viniga kapena ndimu, adyo ndi tsabola, fungo lija limabisala n'kutsala kukoma kumene kumakupangitsani kuviikanso. Pafupifupi chilichonse chimene tinadya madzulo amenewo chinali ndi msuzi umenewu penapake, ndipo mlingo wake umasiyana khomo ndi khomo. Wotitsogolera anati anthu a kuno amaweruza wophika pa kambale kameneka, osati pa nyama.

Bún chả munaimva musanaiwone, chifukwa utsi wa makala umafika pakona ya msewu. Mnyamata amakupiza moto ndi kafani kamagetsi, pa waya pali timagawo ta nyama ya nkhumba ya pamimba ndi timibulu tophwatalala ta nyama yogaya, mafuta akudontha pamakala. Nyamayo saiika pambale youma ayi, amaiponya m'mbale ya msuzi wofunda wotsekemera pang'ono momwe mukuyandama timagawo ta papaya wosapsa ndi karoti. Pambali pamabwera mbale ya noodles zoyera za mpunga, zozizira, ndi dengu la masamba osaphika: letesi, minti, ndi ena ofiirira kunsi amene amawatcha tía tô. Apa ndi pamene munthu wosadziwa amasokonezeka. Mlendo wina m'gulu lathu anayamba kuthira msuzi wonse pa noodles, mtsikanayo n'kumugwira dzanja mwaulemu. Mumatapa noodles pang'ono ndi timitengo todyera, kuviika mumsuzimo, kutola nyama ndi tsamba, n'kudya zonse pamodzi. Utsi wa makala, kuwawasa kwa papaya ndi kununkhira kwa masamba zimakumana mkamwa momwemo. Ndikanakhala ndi mimba ziwiri ndikanaitanitsa ina.

Chakudya chimenechi chinatchuka kunja mu May 2016 pamene pulezidenti wa America, Barack Obama, anakadya ndi Anthony Bourdain, wophika wotchuka wa pa TV, pa malo otchedwa Bún chả Hương Liên. Tebulo limene anadyerapo analitsekera m'galasi. Malowo sali mu Old Quarter ndipo sitinapiteko. Wotitsogolera anangoseka, akuti mayi aliyense wa ku Hanoi ali ndi malo ake amene amati ndiwo enieni. Anatiuzanso kuti eni mzinda amadya bún chả masana, ndipo malo ambiri abwino amakhala atazimitsa moto pofika madzulo. Apa mpamene ndinayamba kuwona vuto la ulendo woterewu: zakudya za m'mawa, zamasana ndi zausiku amaziunjika m'maola atatu a madzulo, ndiye zina simuzidya pa nthawi yake kapena pamalo pamene zimaphikidwa bwino koposa.

Za timipando ndinene pano ndisanaiwale. Ndi tapulasitiki, tabuluu kapena tofiira, tofika m'munsi mwa bondo. Ine ndine wa thupi ndithu ndipo maondo anga ali ndi zaka zake. Kukhala kunali kosavuta, kudzuka ndiye inali nkhani ina, ndipo pamalo aliwonse ndimayamba ndayang'ana khoma loti ndidzagwire. Amayi ovala siketi yothina kapena chitenje chomanga mwamphamvu aganizirepo bwino asananyamuke ku hotela.

Phở ndiye inandikhumudwitsa, osati chifukwa inali yoipa koma chifukwa cha mmene anaibweretsera. Inafika titakhuta kale, theka la mbale, ndipo tisanamalize tinauzidwa kuti tinyamuke. Chakudya chimenechi sichofunika kuchithamangira. Msuzi wake amawiritsa mafupa a ng'ombe kwa maola ambiri, usiku wonse nthawi zina, pamodzi ndi anyezi ndi jinja zowotcha pamoto, sinamoni ndi star anise, akuyengula thovu kuti ukhale woyera. Chinayambira kumpoto kwa dzikoli, ku Nam Định ndi Hanoi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nthawi ya ulamuliro wa Afalansa, ndipo chinafalikira kumwera makamaka dzikolo litagawidwa pawiri mu 1954. Ya kumwera imabwera ndi mulu wa masamba ndi masosi otsekemera. Ya ku Hanoi ndi yosachulutsa zinthu, msuzi, noodles zophwatalala, nyama yodula mopyapyala ndi anyezi wamasamba, inu n'kuwonjezera ndimu, viniga wa adyo kapena tsabola mmene mufunira. Ambiri amanyikamo quẩy, timitanda ta ufa wa tirigu tokazinga m'mafuta. Zonsezi mtsikanayo anafotokoza bwino, koma kukoma kwake kwenikweni ndinakumva m'mawa wina nditapita ndekha, kunja kukuzizira, ndili ndi njala.

Zina tinangodutsamo. Nộm bò khô, saladi ya papaya wosapsa wopala ndi nyama ya ng'ombe youma ndi mtedza, inali yabwino kutsitsimutsa mkamwa. Nem rán, timikulungo tokazinga, tinali ngati mmene mungaganizire. Bánh mì, buledi wautali amene anasiyidwa ndi Afalansa koma eni dziko anamusandutsa wawo poikamo pâté (phala la chiwindi chogaya), nyama, karoti wa viniga, coriander ndi tsabola, anatigulira pamalo pamene panali mzere wa alendo okhaokha, ndipo buledi wake anali atagona. Wa pangolo ya mayi wina pafupi ndi hotela yanga, wa theka la mtengo, anali wokoma kuposa ameneyo.

Chinthu china chimene ndinachiwona n'chakuti pulogalamu ya kampaniyo inapewa chilichonse chimene chingadabwitse mlendo. Tikudutsa penapake ndinamva fungo lamphamvu ndipo ndinafunsa. Mtsikanayo anazengereza kaye, kenako anati ndi mắm tôm, phala lofiirira la shrimp (tinkhanu tam'nyanja) zowoletsa ndi mchere, limene amafinyiramo ndimu n'kulitakasa mpaka lichite thovu, n'kumaviikamo tofu (chakudya chopangidwa ndi soya) wokazinga ndi noodles. Anati akuluakulu ake salola kuliika pa ulendowu chifukwa alendo amadandaula. Nditamuuza kuti kwathu nsomba zouma sitiziwopa, nkhope yake inasintha, anandigulira kambale kamodzi ndi ndalama yanga ndipo anaima pambali kudikira kuti awone ndichita bwanji. Ndi lamchere kwambiri, fungo lake limakutsatirani, koma ndi tofu wotentha limagwirizana. Kuyambira pamenepo macheza athu anasintha, anasiya zoloweza pamtima n'kuyamba kundiuza zimene iye amadya akakhala ndi anzake. Ndiye ngati mungapite, funsani. Zimene zalembedwa pa pulogalamu ndi theka chabe la zimene otsogolerawa amadziwa.

Khofi wa dzira anali womaliza pa zokhala pansi. Nkhani yake ndi yodziwika: Nguyễn Văn Giảng, amene ankagwira ntchito pa hotela ya Metropole, anayamba kumupanga mu 1946 pamene mkaka unkasowa, ndipo malo a banja lake, Café Giảng, alipobe pa msewu wa Nguyễn Hữu Huân. Ife anatitengera kwina, pamwamba pa sitolo ya zovala, kukwera masitepe opapatiza. Amapuntha chachikasu cha m'dzira ndi mkaka wa kondensi mpaka zikhale thovu lolemera, n'kuthira pamwamba pa khofi wakuda wowawa, ndipo kapuyo amaiika m'kambale ka madzi otentha kuti isazizire. Fungo la dzira silimveka. Mumayamba ndi supuni, kenako n'kumwa. Ndi wotsekemera kwambiri moti kapu imodzi yakwana. Vietnam ndi dziko lachiwiri padziko lonse pa ulimi wa khofi, pambuyo pa Brazil, ndipo wambiri ndi wa mtundu wa robusta, amene ndi wamphamvu kuposa arabica amene amalimidwa ku Mzuzu ndi ku Misuku. Kumwa ameneyu 8 koloko usiku ndi kusainira kuti simugona msanga.

Ulendo unathera pa msewu wa Tạ Hiện, kumene amagulitsa bia hơi, mowa umene umabwera watsopano tsiku lililonse, wopepuka ndi wotchipa. Phokoso, nyimbo, anyamata okukokani kuti mukhale pa timipando tawo. Amene amakonda zimenezo asangalala. Ine ndinangolawa n'kutsanzika.

Tsopano madandaulo ena. Pakati pa ulendo anatilowetsa m'sitolo yogulitsa khofi wam'mapaketi ndi timphatso, akuti tipumuleko. Panapita nthawi imene ikanakwana kumaliza phở uja mwamtendere, ndipo zinali zoonekeratu kuti pali mgwirizano pakati pa sitoloyo ndi kampani. Mtsikanayo sanatikakamize kugula, ndipo amaoneka kuti nayenso sakonda gawo limeneli. Chachiwiri, pa intaneti analemba kuti zakumwa zili momwemo, koma zinapezeka kuti ndi botolo limodzi la madzi, khofi uja ndi tambula imodzi ya mowa. China chilichonse mumalipira nokha. Si ndalama yambiri, koma munthu auzidwe zoona. Chachitatu ndi kuchuluka kwa malo oima. Akanachotsa atatu n'kutisiya tikhazikike pa otsalawo, ulendowu ukanakhala wabwino kuposa mmene ulili.

Ambiri andifunsa za ukhondo. Pansi pa matebulo pamakhala timapepala ndi makoko a ndimu, chifukwa anthu amangoponya pansi ndipo eni malo amasesa nthawi ndi nthawi. Zimenezo zisakunyengeni. Chakudyacho chimaphikidwa inu mukuwona, chimatha msanga, ndipo kupatula buledi uja sindinawone chogona. Anthu amapukuta timitengo todyera ndi kapepala, ena ndi ndimu, asanayambe kudya. Madzi a pampopi musamwe. Masamba osaphika ndi ayisi ndi zimene wa m'mimba mosachedwa kuvuta angasamale nazo. Ine ndinadya zonse ndipo sindinadwale, koma mimba zimasiyana.

Nkhani yofunika kwa abale athu Achisilamu ndi a Seventh Day: nkhumba ili paliponse. Ili mu bún chả, mu bánh cuốn, mu nem, mu pâté, ndipo ngakhale chakudya chooneka ngati cha masamba okhaokha chikhoza kukhala chokazingira mafuta ake. Shrimp nazonso zimabisala m'zinthu zambiri. Kungouza wotsogolera pa tsikulo sikokwanira, chifukwa malo oima anakonzedwa kale ndipo aliwonse ali ndi chakudya chimodzi chokha. Mudzangokhala n'kumaonerera anzanu. Lemberani kampaniyo musanalipire, ndipo ngati sakuyankha momveka funani ina imene ili ndi ulendo wa osadya nyama. Nyama ya halaal pamsewu musaiyembekezere.

Tengani ndalama za m'manja, makhadi sagwira ntchito pa timalo timeneti. Maziro a dong amazunguza mutu masiku oyamba, ndipo pepala la 20,000 ndi la 500,000 onse ndi abuluu, ndiye muziyang'anitsitsa musanapereke, makamaka usiku. Valani nsapato zotseka. Kuyambira June mpaka August kumatentha ndi chinyontho ndipo mvula imagwa mosachenjeza. December mpaka February kumazizira moti jekete imafunika. Kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamlungu misewu yozungulira Hoàn Kiếm amaitseka kuti muziyenda anthu okha, zimene zimakometsa poyambira ulendo koma zimadzazitsa anthu m'timisewu tina tonse. Viza ya Vietnam mumafunsira pa intaneti. Kuyambira August 2023 anatsegulira anthu a mayiko onse. Ndipo munthu wakuda kumeneko amayang'anidwa, ena amapempha kujambulitsa nanu, agogo ena anandigwira mkono n'kulankhula zambiri akumwetulira. Sindinamvepo chipongwe, koma kukhala ndi munthu womasulira kunandithandiza kudziwa kuti agogowo amangofunsa ngati tsabola ndamukwanitsa.

Pomaliza penipeni ndinapatsa mtsikanayo kangachepe kothokoza, chifukwa pa madola 30 aja sindikhulupirira kuti iye amalandirapo zambiri, ndipo ndinamupempha kuti andilembere malo amene iye amadyako. Ananditumizira mayina a misewu, manambala a nyumba, chakudya cha pamalo aliwonse ndi nthawi yoyenera kufika. Mndandanda umenewo ndi umene ndinadyera masiku onse otsala, pa mtengo wa eni mzinda, ndipo mnzanga wa mphuno uja anautsatiranso osachita manyazi. Nthawi zimene analembazo muzizitenga mwamphamvu: pamalo ena a phở tinafika cha m'ma 10 koloko m'mawa n'kupeza akutsuka miphika, msuzi utatha.